Mlendo Wodwala ndi Botolo Lake la Mankhwala

Mawu olalikidwa kwa mipingo ndi kwa aphunzitsi a m'midzi ya m'chigwa cha Shire



Lero ndifuna kulankhula nanu za mlendo. Sindinena mlendo wa masiku a mtendere, amene atumiratu mawu kuti alinkudza, nafika atavala bwino, ndipo timphera nkhuku. Ndinena mlendo wothawa nkhondo, amene afika pa doko usiku, mwana kumsana, mtolo pamutu, wosadziwa kumene adzagona. Pamene tiona munthu wotere, maso athu awerenga msanga zosowa zake: njala tiiona, usiwa tiuona, mabala a kumapazi tiwaona, ndipo pa zimenezi anthu a chigwa chino sanakhale ouma manja. Koma chilipo chosowa china chimene maso sachiona, ndipo mwini wake aopa kuchitchula. Ndicho botolo laling'ono la mankhwala a kachilombo ka HIV, limene linatsala m'nyumba yotenthedwa, kapena linagwa m'madzi powoloka, kapena likali m'thumba koma mwatsala mibulu isanu yokha. Njala ifuula yokha, ndipo onse aimva; koma botolo lotha silifuula, ndipo munthu angathe kufa nalo chete pakati pa anthu okoma mtima.

I. Za alendo amene chigwa chino chinawalandira

Tiyambe ndi kukumbukira. Chigwa chathu ndi khomo, ndipo Shire sanakhale mpanda chiyambire. Amene akhala kutsidya, patsinde pa phiri la Morrumbala limene tiliona m'mawa uliwonse, alankhula Chisena chomwechi, alima mapira ndi mbatata monga ife, ndipo ambiri a iwo ndi azakhali ndi amalume athu.

M'chaka cha 1917 anthu a ku Barue, dziko la Makombe, anaukira Apwitikizi chifukwa cha ntchito yokakamiza. Ndipo atagonjetsedwa, ambiri anathawa, ena nalowa m'dziko lino nakhazikika m'boma la Port Herald, limene lero tilitcha Nsanje. Mafumu a Amang'anja anawapatsa malo, ndipo zidzukulu zawo zilipo pakati pathu, ena ali m'nyumba ino lero.

Ndipo kunali nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inakula koopsa ku Zambezia ndi ku Tete m'chaka cha 1986. Anthu anawoloka m'makamu, kufikira othawa nkhondo m'Malawi anaposa 1,000,000, pamene ife eni dziko tinali ngati 8,000,000. Ndipo m'boma la Nsanje alendo anachuluka koposa eni mudzi. Akulu mukumbukira misasa ya Mankhokwe, Nyamithuthu ndi Tengani, ndi wa Kunyinda ku Chikwawa. Mukumbukira kolera, ndi manda amene anakula. Mukumbukiranso nthenda ija ya khungu lothetheka ngati lopsa ndi moto, imene asing'anga aitcha pelagira. M'chaka cha 1990 inagwira othawa nkhondo oposa 18,000 kuchigawo chino chakummwera, ndipo chifukwa chake chinali chaching'ono ndithu: mtedza unaleka kufika m'chakudya chogawidwa. Ufa unalipo, mahema analipo. Chinasowa ndi kanthu kamodzi kakang'ono, ndipo anthu zikwi anagona pansi. Sungani fanizo limenelo, pakuti tidzalifuna.

M'masiku omwewo nthenda ya Edzi inalinkuyenda mwakachetechete, popeza wodwala woyamba m'dziko lino anadziwika m'chaka cha 1985. Koma mankhwala panalibe, kwa mlendo kapena kwa mwini mudzi, ndipo onse analira maliro amodzi. Mtendere unalembedwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo pofika 1995 ambiri anali atabwerera kwawo.

Achinyamata mungayese kuti izi ndi nthano za akulu. Koma inunso munaziona ndi maso. Namondwe wa Idai m'chaka cha 2019 anatulutsa mabanja a kutsidya, nadzagona nafe m'misasa ya madzi osefukira. Ndipo kumapeto kwa Disembala 2024, zipolowe zitabuka ku Mozambique pa nkhani ya chisankho cha pa 9 Okutobala, anthu ngati 13,000 anawoloka Shire ndi Ruo nalowa ku Nsanje ndi ku Chikwawa, ambiri ochokera ku Morrumbala. Msasa wa Nyamithuthu unatsegulidwanso, ndipo m'mwezi wa Marichi 2025 ambiri anabwerera. Chotero kanayi m'zaka zana limodzi ndi zowerengeka doko lathu lalandira othawa. Ndani mwa inu angalumbire kuti sililandiranso?

II. Za nthenda imeneyi ndi mankhwala ake

Tsono pali kusiyana kwakukulu pakati pa 1986 ndi lero. Nthawi ija wodwala Edzi analibe choyembekeza; koma kuyambira 2004 Boma lipereka mankhwala a ARV kwaulere, ndipo anthu amene kale tikadawaika m'manda alima minda, alera ana, aphunzitsa m'sukulu. M'Malawi muli anthu ngati 1,000,000 okhala ndi kachilomboka, ndipo ochuluka a iwo amwa mankhwala. Ku Mozambique ali oposa 2,000,000. Ndipo kawerengedwe ka 2021 kanapeza kuti mwa akulu 100 aliwonse, 12 kapena 13 ali nako. Werengani nokha, aphunzitsi, popeza masamu ndi ntchito yanu: ngati zikwi za anthu ziwoloka m'sabata imodzi, amene moyo wawo uli m'botolo sali awiri kapena atatu, koma mazana.

Mverani bwino machitidwe a mankhwalawa, kuti mukathe kufotokozera ena. Kachilombo kakalowa m'thupi, kadya asilikali a m'magazi amene atchinjiriza munthu ku nthenda, ndipo kaswana tsiku ndi tsiku. Mbulu umene anthu ambiri amwa, kamodzi pa tsiku, uli ndi mankhwala atatu pamodzi, ndiwo tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Ndipo dziko lathu linayamba kuupereka kwa ambiri m'chaka cha 2019, monganso dziko la Mozambique. Mankhwalawa sapha kachilombo konse ayi. Akamanga kuti kasaswane. Munthu akamwa mokhulupirika miyezi ingapo, kachilombo kachepa m'magazi kufikira makina oyesera sakapeza. Asilikali a m'thupi achulukanso. Ndipo munthu wotere sapatsira mkazi wake kapena mwamuna wake.

Koma kachilomboko kali ngati ng'ona yobisala pansi pa bango: madzi aoneka bata, mwini wake alipo. Munthu akaleka kumwa, pakutha pa masabata owerengeka kayambanso kuswana. Poyamba samva kanthu, ndipo m'menemo muli chinyengo chake, pakuti anena mumtima, Taonani, ndili bwino wopanda mankhwala. Pamenepo asilikali alinkutha. Ndipo pakapita miyezi zifika nthenda zimene zidikira pakhomo: chifuwa chachikulu, kutsegula m'mimba kosaleka, zilonda za m'kamwa, ndi nthenda ya mutu waukulu youmitsa khosi, imene ipha msanga. Ndiponso womwa modukiza, lero inde mawa ayi, aphunzitsa kachilombo kupirira mankhwala, kotero kuti tsiku lina mankhwalawo sadzagwiranso ntchito mwa iye.

Choposa zonse ndi mayi woyembekezera ndi mayi woyamwitsa. Popanda mankhwala, mwa ana 100 obadwa kwa amayi a kachilombo, oyambira 15 kufikira 45 akatenga. Ndi mankhwala omwedwa bwino, safika 5. Ndipo mwa makanda amene akatenga nasowa mankhwala, theka amwalira asanakwanitse zaka ziwiri. Dziko lathu ndilo linatsogolera maiko onse m'chaka cha 2011 pakulamula kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa, akapezeka nako, ayambe mankhwala pomwepo ndi kumwa moyo wake wonse. Nanga tidzalola kodi kuti khanda limene amake analiteteza miyezi isanu ndi inayi kutsidya, lidzatengere kachilombo pa bere lomwelo ali pa khonde lathu?

Uwu ndiwo mtedza uja wa 1990. Mungampatse mlendo ufa, bulangete ndi hema; koma kakasowa kanthu kamodzi kakang'onoka, ntchito yanu yonse idzathera kumanda.

III. Za zimene zimtsekera mlendo njira ya kuchipatala

Wina adzati, Chipatala chilipo, mankhwala ndi aulere, alekeranji kupita? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambiwo ndi woona kwa munthu ali kwawo. Koma mlendo sadziwa kumene kuli chitseko, ndipo pali miyala isanu panjira yake.

Mwala woyamba ndi pepala. Khadi lake la kuchipatala linapsa kapena linanyowa. Ndipo ayesa kuti wopanda khadi adzabwezedwa.

Wachiwiri ndi chinenero. Chisena timvana, koma za mankhwala anazimva m'Chipwitikizi. Chimene ife titcha ARV, pa khadi lake chilembedwa TARV. Ndipo akamva mlangizi wa zaumoyo akuitana m'Chichewa, sazindikira kuti aitana iye.

Wachitatu ndi mantha. Iye aganiza kuti akaulula nthenda yake, akulu a Boma adzamuona ngati katundu wolemetsa, nadzambweza kumene anathawa.

Wachinayi ndi njala ndi mtunda. Anamva kuti mankhwalawa safuna m'mimba mopanda kanthu, ndipo aleka kumwa kufikira atapeza chakudya. Ndiponso dzuwa la chigwa chino mulidziwa, ndi utali wa njira kwa munthu wofooka wosenza mwana.

Wachisanu, wolemera koposa yonse, ndi manyazi. Kwawo anali ndi chinsinsi chake: chipatala chake, tsiku lake, namwino wake womdziwa. Mu msasa mulibe chinsinsi. Hema limodzi ligona mabanja ambiri, ndipo botolo likalira m'thumba onse atembenuka. Pali akazi amene amuna awo sadziwa, ndi amuna amene akazi awo sadziwa. Ndipo munthu wotere asankha kutaya botolo m'chimbudzi koposa kuti limuulule.

Musayese kuti miyala imeneyi ipezeka kwa ife osauka okha. Pa 24 Febuluwale 2022 dziko la Russia linathira nkhondo dziko la Ukraine ku Ulaya, ndipo anthu mamiliyoni anathawira ku Poland, ku Germany ndi kumaiko ena, ochuluka akazi ndi ana, popeza amuna a msinkhu wa usilikali analetsedwa kutuluka. M'dziko la Ukraine munali anthu ngati 260,000 okhala ndi kachilomboka, ndipo oposa 150,000 analinkumwa mankhwala. Iwonso anafika opanda mapepala, osadziwa chinenero, akuopa kuti mwini nyumba wowasunga akadziwa adzawatulutsa. Ndipo panali chodabwitsa china: mbulu umodzi uja wa mankhwala atatu, umene ambiri a iwo anamwa kwawo, womwewo umene timwa kuno, sunali wololedwa kugulitsidwa m'maiko olemerawo chifukwa cha malamulo a eni mankhwala, chotero asing'anga anayenera kuwapatsa mibulu ina yolingana nawo mphamvu, ndi kuwatsimikizira kuti sananyengedwe. Koma taonani chimene maikowo anachita bwino. Pa 4 Marichi 2022, asanathe masabata awiri, maiko a European Union anapangana kuti othawa nkhondo a ku Ukraine alandire chitetezo pamodzi ndi chithandizo cha kuchipatala. Ndipo asing'anga a mbali zonse anakonza njira yotumizirana mbiri ya wodwala, mwini wake akavomera. Anazindikira kuti nthenda iyi sidikira kuti mlandu wa mapepala uthe.

Ife tilibe chuma chawo. Koma pa nkhani iyi tili ndi mwayi umene iwo analibe. Mbulu wa ku Morrumbala ndi mbulu wa ku Nsanje ndi umodzi. Chinenero cha wodwala chili m'kamwa mwathu. Ndipo mlendoyo nthawi zambiri ndi mbale. Chotsala ndi kuchotsa miyala.

IV. Za mawu atatu amene amveka m'midzi

Ndiyenera kuyankha mawu atatu amene anenedwa pa mjigo ndi pa bwalo, nthawi zina ndi Akhristu omwe.

Oyamba ndi awa: Alendo adzatha mankhwala athu. Mantha amenewa sindiwapeputsa, pakuti tonse tinamva kuti m'mwezi wa Januwale 2025 Boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri kumaiko akunja, ndipo mitima ya odwala inagwedezeka. Koma funsani kumene mankhwala athuwo achokera. Ochuluka agulidwa ndi ndalama za thumba la Global Fund, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2002, ndipo athiramo ndi anthu a maiko akutali amene sanaonepo Shire, ndipo sadzadziwa maina athu. Ife eni tidya m'mbale ya chifundo cha alendo. Wodya nsima yopatsidwa angakanize bwanji mnzake mbamu? Ndiponso mazana owerengeka pakati pa anthu ngati 1,000,000 sangagwetse nkhokwe; koma wodwala mmodzi woleka mankhwala, akagwa ndi chifuwa chachikulu, adzagona pa bedi la chipatala masabata ambiri, nadzatsokomolera ana athu omwe. Kummana mbulu sikupulumutsa kanthu. Ndiko kugula tsoka lalikulu ndi mtengo waung'ono.

Achiwiri ndi awa: Nthenda imeneyi anaitola yekha ndi makhalidwe ake. Mbale wanga, unaona chiyani? Kodi unaona mwana amene anabadwa nako? Kodi unaona mkazi wokhulupirika amene anakalandira m'nyumba yake yomwe, kapena namwali amene anagwiriridwa panjira yothawa? Ndipo ngakhale zikadakhala monga unenamo, ndi liti pamene tinayamba kufunsa wolumidwa ndi ng'ona chifukwa chake anapita kumadzi, tisanamange bala lake? Msamariya uja wa m'fanizo sanafunse wovulalayo chimene anayendera njira yoopsa. Ndipo zindikirani ichi: sanangomanga mabala nachoka, anamtengera kunyumba ya alendo, nasiya ndalama za masiku akudza, nalonjeza kubweranso. Chifundo chake chinawerenga mawa. Chimenecho ndicho chifundo chofunika pa nthenda iyi.

Achitatu ndi awa: Mlendo ndi mame, sakhalitsa; akalandira kwawo. Inde, a 2024 anakhala miyezi itatu yokha. Koma a 1986 anakhala zaka zisanu ndi zitatu, ndipo a 1917 alipobe. Palibe adziwa pa tsiku lofika kuti mame awa adzauma liti. Ndipo miyezi itatu yomweyo ikwanira kuti kachilombo kadzuke, ndi kuti khanda likatenge.

V. Za ntchito ya yense wa ife

Tsono ndifike pa zochita, pakuti ulaliki wopanda ntchito uli ngati bwato lopanda nkhafi.

Inu anyakwawa ndi akulu a mpingo: pa tsiku loyamba limene alendo afika pa sukulu kapena pa nyumba ya mapemphero, polengeza za ufa ndi za malo ogona, lengezaninso za mankhwala, ndipo mulengeze m'Chisena. Musati, A kachilombo aimirire. Mukatero palibe adzaimirira. Koma nenani kwa onse pamodzi, kuti aliyense amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a khunyu, a chifuwa chachikulu, kapena a TARV, akaonane ndi mlangizi wa zaumoyo payekha. Mukaika nthenda iyi pakati pa zinzake, manyazi apeza pobisala, ndipo munthu ayenda.

Inu aphunzitsi: mudziwa kuwerenga ndi kulemba, ndipo anthu akukhulupirirani. Dziwani tsiku limene chipatala chapafupi chipereka mankhwalawa, kaya ndi ku Tengani, ku Ndamera, ku Kalemba, ku Trinity ya ku Muona, ku Ngabu, ku Montfort ya ku Nchalo, kapena pa zipatala zazikulu za Nsanje ndi Chikwawa. Muuzeni mlendo kuti kutaya khadi si mlandu. Atenge botolo ngakhale lopanda kanthu, pakuti dzina la mankhwala lilembedwa pamenepo. Ndipo ngati alibe ngakhale botolo, apite ndithu, popeza magazi ayesedwa pomwepo m'mphindi zowerengeka. Muuzeni kuti mbulu wa masiku ano umwedwa ngakhale asanadye, ndipo asauleke podikira nsima. Ngati amwanso mankhwala a chifuwa chachikulu, anene kwa sing'anga, pakuti pamenepo muyeso usintha. Ndipo yang'anirani ana a sukulu amene anafika opanda amawo, ali ndi agogo kapena achemwali. Pakuti alipo ana amene amwa mankhwala osadziwa dzina la nthenda yawo, ndipo wodziwa anatsala kutsidya.

Inu amayi: kwa inu mlendo wamkazi adzanena zimene sanganene kwa mfumu kapena kwa mbusa. Mukaona woyembekezera, mperekezeni kusikelo sabata yomweyo. Mukaona khanda, funsani mofatsa ngati linali ndi mankhwala ake akumwa, ndipo likayesedwe likakwana masabata asanu ndi limodzi. Ndipo mukamva kuti mkazi kapena mtsikana anachitidwa chipongwe panjira, musadikire kuti nkhani ikambidwe pa bwalo: alipo mankhwala oletsa kachilombo kukhazikika, omwedwa masiku 28, koma ayenera kuyambidwa asanathe maola 72, ndiwo masiku atatu. Mlandu udikira, mankhwalawo sadikira.

Inu amene mumwa mankhwalawa, ngakhale sindikudziwani maina, ndipo sindifuna kuwadziwa: inu ndinu aphunzitsi oposa ife tonse pa nkhani iyi. Musagawane naye botolo lanu, pakuti mudzasowa nonse awiri. Koma mtengeni pa dzanja, mumuonetse khomo limene inu mulowera. Dziwaninso kuti magulu aja a anthu asanu ndi mmodzi, otumana mmodzi kukatengera anzake mankhwala, anayambira kutsidya, ku Tete, m'chaka cha 2008, pothandizidwa ndi asing'anga a Médecins Sans Frontières, ndipo pambuyo pake nzeruyo inafika kuno. Zoonadi mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Ndipo kwa nonse ndipereka lamulo limodzi lolimba: chimene mwamva za nthenda ya munthu, chithere m'khutu lanu. Musachitengere ku mjigo. Musachisandutse pemphero lofuula pa msonkhano, kutchula dzina lake monga ngati mumchitira chifundo. Ndiponso asapezeke pakati pathu wonena kwa wodwala kuti, Taya mankhwala, chikhulupiriro chako chikwanira. Wonena chotero akumba manda ndi lilime. Pempherani naye, inde. Ndipo mutatha kupemphera, mpatseni madzi amwere mbulu wake.

Wodwala akafika atafooka kale, mutu ukumuwawa kosaleka, khosi louma, kutsokomola masabata, kapena wosatha kuyenda yekha, musamsunge pa mphasa kuyembekeza tsiku la mankhwala. Funani njinga kapena bwato, apite ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo.

Pomaliza, nthawi yobwerera ikafika, ntchito sinathe. Kumene apitako mwina chipatala chinapsa, kapena anamwino sanabwerere. Mkumbutseni apemphe kalata yosamukira ndi mankhwala a miyezi ingapo asanakwere bwato, kuti pakati pa doko lino ndi doko lija pasakhale tsiku lopanda mbulu.

Abale, mawu awa sali a alendo okha. Inu a ku Makhanga mukumbukira madzi a 2015, pamene mudzi wanu unasanduka chisumbu; ndipo tonse tikumbukira namondwe wa Freddy m'mwezi wa Marichi 2023, pamene ambiri a ife tinathawa usiku opanda kanthu m'manja, nafenso tinagona m'makalasi, ndi kufola pa mzere wa ufa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chifukwa chake yense womwa mankhwala asunge botolo ndi buku lake la kuchipatala m'pepala la pulasitiki, pamalo pamene dzanja lifika mumdima; ndipo auze munthu mmodzi wokhulupirika m'banja, kuti tsiku loipa likadza pakhale womkumbutsa.

Ambuye wathu yemwe, ali khanda, ananyamulidwa usiku kuthawira ku Aigupto chifukwa cha lupanga la mfumu. Ndipo maina a amene anapatsa banja lija madzi ndi pogona sanalembedwe paliponse. Ntchito iyinso ndi yotero. Palibe adzaimba za mphunzitsi amene anaperekeza mkazi wachilendo ku Tengani pa dzuwa la masana, kapena za mayi amene anasunga chinsinsi cha mnzake kufikira imfa. Ndipo ngati aichita bwino, palibe adzadziwa konse kuti inachitika. Chidzaoneka ndi ichi chokha: mwana wa kutsidya wakula wopanda kachilombo, ndipo amake ali moyo, alinkulima dimba lawo.

Mulungu atipatse maso akuona chosowa chobisika, pakamwa podziwa kutseka, ndi miyendo yosachedwa. Amen.